Kasankhidwe ka ngolo ya mahatchi yotsika mtengo koma yosapanikiza ziweto

Munthu amene wayamba kusunga hatchi ku Britain amazindikira msanga kuti popanda ngolo yonyamulira hatchi, yokokedwa ndi galimoto, sapita kutali. Kumpikisano, kwa dokotala wa ziweto, kukhola latsopano, konseko pamafunika mayendedwe. Kubwereka kawirikawiri kumatopetsa eni ake, ndipo kulipira wonyamula ulendo uliwonse kumadya thumba. Ndiye maso amathamangira pa ngolo zogwiritsidwapo kale ntchito zimene zadzaza pa Facebook ndi eBay. Malangizo ano ndi a inu amene mukufuna kugulira hatchi yanu, komanso inu amene mumagwira ntchito m'makola a mahatchi ndipo abwana akutumani kuti mukawaonere ngolo.

Ndinene poyambirira pomwe kuti mtengo ndi chinthu chomaliza kuchiyang'ana. Mutha kupulumutsa ndalama pa penti, pa zaka za ngoloyo, ngakhale pa dzina la kampani imene inaipanga. Koma malo oimapo hatchi ndi pansi pamene yapondapo, pamenepo musachepetsepo ngakhale pang'ono, chifukwa amene adzalipire kuchepetsako ndi chiweto chimene sichingadandaule.

Yambani ndi kuyeza hatchi

Musanatsegule tsamba lililonse la malonda, pitani kukhola ndi tepi. Msinkhu wa hatchi amauyeza kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, pamene khosi limakumana ndi msana. Ku Britain amawerenga mu hand, ndipo hand imodzi ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10 ndi pang'ono. Nambala yobwera pambuyo pa kadontho ndi mainchesi otsala. Choncho hatchi ya 14.2 ndi yamasentimita 147, ya 15 ndi 152, ya 16.2 ndi 168, ndipo ya 17.2 ndi 178. Makampani opanga ngolo amalemba kukula kwa ngolo zawo mu muyezo umenewu, ndiye nambala ya hatchi yanu muidziwe pamtima.

Msinkhu wokha sukwanira. Mahatchi awiri atha kufanana msinkhu, ina nkukhala yowonda ngati ya mtundu wa Thoroughbred, ina yotakata chifuwa ndi matako ngati ya mtundu wa Welsh Cob kapena Irish Draught. Yezaninso kutalika kwake kuchokera pachifuwa kufika kumatako, ndi kutakata kwake pamimba. Lembani papepala, muziyenda nalo.

Kenako kulemera. Ngati pafupi nanu pali sikelo ya ziweto, kapena dokotala wanu amabwera nayo, gwiritsani ntchito imeneyo. Apo ayi, gulani tepi yoyezera kulemera imene amazunguliza pachifuwa. Siilondola kwenikweni, ndiye onjezeranipo pang'ono pa nambala imene yakupatsani. Thoroughbred wamba imalemera makilogalamu cha m'ma 500, mahatchi akuluakulu okwera amafika 600 kapena 700, ndipo Shire imatha kufika tani yathunthu. Ngati hatchi yanu ikadali yaing'ono, muwerengere msinkhu umene idzafike, osati wa lero.

Funsani galimoto yanu

Apa mpamene ambiri amagwa. Amagula ngolo yabwino, kufika nayo pakhomo, nkupeza kuti galimoto yawo siloledwa kuikoka mahatchi ali mkati. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene ingakoke. Nambalayo ili m'buku la galimotoyo, komanso mutha kuipeza pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko kapena pafupi ndi injini. Pamenepo pamakhala manambala angapo motsatizana: yoyamba ndi kulemera kwa galimoto itadzaza, yachiwiri ndi kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi. Chotsani yoyamba pa yachiwiri, mupeza chithunzi cha zimene galimotoyo ingakoke.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Ngolo ya HB506 ya kampani ya Ifor Williams yopanda kanthu imalemera makilogalamu 920. Ikanimo mahatchi awiri a 550 iliyonse, tafika 2,020. Onjezani zishalo, udzu wouma ndi zigubu ziwiri za madzi, pokumbukira kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, mwayandikira 2,100. Magalimoto ambiri ooneka amphamvu pamsewu amalekezera pa 1,500, 1,800 kapena 2,000. Oterewa angakoke ngoloyi ndi hatchi imodzi, ena osakwanitsa nkomwe, koma awiri ayi. Land Rover Discovery ndi mapikapu ngati Ford Ranger ambiri amaloledwa kufika 3,500. Ine ndimakonda kuti pakati pa kulemera kwenikweni ndi malire a galimoto pakhale mpata wooneka, chifukwa katundu wamoyo amasuntha. Hatchi ikasintha mwendo pakona, woyendetsa amamva m'manja.

Ngolo nayo ili ndi malire ake, olembedwa pa kachitsulo kamene kamakhala kutsogolo pafupi ndi chokolera. Pa HB506 malirewo ndi 2,600. Mukachotsa 920, mahatchi ndi katundu wawo asapitirire 1,680.

Za laisensi, kuyambira pa 16 Disembala 2021 munthu wokhala ndi laisensi ya galimoto wamba ku England, Scotland ndi Wales amaloledwa kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso apadera. Ku Northern Ireland lamulo ndi losiyana. Abale athu ogwira ntchito m'makola a ku Kyalami ndi madera ena a ku South Africa adziwe kuti kumeneko laisensi ya Code B imalekezera pa ngolo ya makilogalamu 750, ndipo ngolo ya mahatchi imafuna EB. Kuloledwa ndi lamulo sikutanthauza kudziwa. Ngati simunabwererepo chammbuyo ndi ngolo, lipirani maphunziro a tsiku limodzi. Ndalama imeneyo simudzanong'oneza nayo bondo.

Malo okwanira ndi otani?

Hatchi ikakhala paulendo simangoima phee. Nthawi yonse imakhala ikulimbana ndi kugwedezeka: imatakasula miyendo, imakweza ndi kutsitsa khosi kuti isagwe, imatsamira kutsogolo mukaponda buleki. Ulendo wa maola awiri umaitopetsa ngati yagwira ntchito. Ngolo yopanikiza imailanda njira zonsezi zodzitetezera. Zotsatira zake mumazimva: kupalasa khoma pakona iliyonse, kutsika itanyowa ndi thukuta, mabala pa ziboda ndi m'chiuno, ndipo tsiku lina imangokana kukwera. Anthu amati hatchi yavuta khalidwe, pamene ikungokumbukira zimene inaona mkatimo.

Pali miyezo itatu. Woyamba ndi denga. Hatchi iime mutu uli mmene imaimira mwachibadwa, makutu ali tcheru, pamwamba pake nkutsala mpata woti ikadzidzimuka nkukweza mutu isagunde chitsulo. Wachiwiri ndi kutakata kwa chipinda chake. Isakhudze khoma ndi chotchinga chapakati nthawi imodzi. Dzanja lanu lizitha kudutsa momasuka mbali zonse ziwiri, ndipo pansi pakhale malo otakasulira miyendo yakumbuyo. Nchifukwa chake chotchinga chimene kumunsi kwake kuli labala wolendewera chimaposa chathabwa chofika pansi. Wachitatu ndi kutalika, kuchokera pa chitsulo cha pachifuwa kufika pa chitsulo cha kumatako, kuphatikizapo malo a mutu kutsogolo. Hatchi imafunika kutsitsa mutu nthawi ndi nthawi kuti fumbi ndi mamina zituluke m'njira ya mpweya. Yoyenda maola ambiri mutu uli m'mwamba imatha kudwala chibayo, matenda amene amapha.

Malamulo a ku Ulaya a onyamula ziweto pamalonda amapatsa hatchi yaikulu malo a mamita 0.7 m'lifupi ndi 2.5 m'litali. Muutenge ngati muyezo wapansi penipeni, osati wofuna kuufikira.

Pamsika wa ku Britain dzina limene mukumane nalo kwambiri ndi Ifor Williams, kampani ya ku North Wales. HB403 ndi ya hatchi imodzi. HB506 anaipangira mahatchi awiri ofika 16.2, ndipo HB511, yolemera tani imodzi yopanda kanthu, ndi ya awiri ofika 17.2. Zakale zake ndi HB505 ndi HB510, ndipo zimenezi ndi zimene wofuna zotsika mtengo amazipeza kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti zipangizo zake zimapezeka paliponse, amakaniko amazidziwa, ndipo mukadzafuna kugulitsa simudikira nthawi yaitali. Palinso Bateson ndi Cheval Liberté, zimene anthu a magalimoto ochepera mphamvu amazikonda chifukwa zina mwa izo nzopepukirapo, ndi Equi-Trek imene mahatchi amaima atayang'ana kumbuyo. Ngolo zakale za Rice zimatsika mtengo kwambiri, koma zambiri nzolemera, ndipo zina denga lake ndi lalifupi kwa mahatchi akuluakulu a masiku ano.

Nambala ya kampani musaimvere ngati lamulo. Ngati hatchi yanu ndi ya 16.1 koma yotakata, kapena yaitali msana, kwerani sitepe imodzi mutenge yokulirapo, bola galimoto ilole. Ngati muli ndi hatchi imodzi, ngolo ya awiri imakupatsani mwayi wochotsa chotchinga chapakati kuti ikhale ndi malo onse. Mukatero muikemo zitsulo zazitali zofika khoma ndi khoma, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo muimange zingwe ziwiri, uku ndi uku, kuti isatembenuke. Osayenda ndi hatchi popanda chitsulo cha pachifuwa.

Zinthu ziwiri zimene ndingalimbikire kuti ngoloyo ikhale nazo: chitseko chotsikira kutsogolo, kuti hatchi isamatuluke chammbuyo, ndi zitsulo za pachifuwa zotheka kumasulidwa muli panja. Hatchi ikachita mantha nkudumpha, miyendo yakutsogolo nkukolekeka pamwamba pa chitsulocho, simungalowe mkati kukaithandiza. Kumasula kuchokera panja ndiko kumapulumutsa moyo wake, ndi wanu womwe. Mawindo ndi timabowo ta mpweya padenga zitseguke bwino.

Pansi: apa musafulumire

Pitani kukaona ngolo masana, mutavala zovala zoti mugone nazo pansi. Tengani tochi, sikuludiraiva yaikulu, tepi, ndi munthu wina wokuthandizani kunyamula mphasa za labala, chifukwa nzolemera.

Pemphani kuti mphasazo zichotsedwe zonse. Wogulitsa akayamba kuzengereza, kunena kuti anaona chaka chatha ndipo zonse zili bwino, muthokozeni nkubwerera. Pansi pa mphasa mpamene pali nkhani yonse ya ngoloyo. Mkodzo ndi madzi zimalowa m'mphepete, kukhala pamenepo miyezi, nkumadya thabwa mwakachetechete. Pamwamba limaoneka louma bwinobwino. Dinikizani sikuludiraiva m'makona akumbuyo, pamene miyendo yakumbuyo imaponda, kenako m'mphepete monse mwa makoma, ndi mozungulira mabawuti. Thabwa labwino limakana, limalira mouma mukaligogoda. Lowola limalola nsonga kulowa ngati mukubaya chinangwa chophika, ndipo limatulutsa fungo la chinyontho. Mukapeza malo amodzi otere, dziwani kuti pansi ponse mpofunika kusintha, osati kuika chigamba.

Hatchi yolemera theka la tani ikaponda thabwa lowola galimoto ikuthamanga, mwendo umatulukira pansi nkukhuta pa phula, woyendetsa osadziwa kanthu. Zimenezi zimachitika, ndipo kawirikawiri hatchiyo sipulumuka. Ndikunena mosabisa chifukwa ndikufuna kuti mukachotsedi mphasazo.

Ngolo zatsopanoko zambiri zili ndi pansi pa aluminiyamu. Mpabwino kuposa matabwa, koma osati pamuyaya. Mkodzo umadyanso aluminiyamu: yang'anani ufa woyera, timabowo ting'onoting'ono, ndi ming'alu pamene yakumana ndi chitsulo cha felemu. Kenako gonani chagada, lowani kunsi ndi tochi. Onani zitsulo zopingasa zimene zanyamula pansipo. Dzimbiri lapamwamba lofiirira silodetsa nkhawa. Loopsa ndi lija lotupa, losendeka ngati makwa mukalikanda. Onaninso ngati pali malo owotchereredwa mwatsopano kapena opakidwa penti yakuda yochindikala pamalo amodzi okha, chifukwa pamenepo pakhoza kubisika china chake.

Zitseko zokwererapo zambiri nazo zili ndi thabwa mkati, ngakhale pa ngolo za aluminiyamu. Tsitsani chitseko, yendanipo, dumphanipo, makamaka kumunsi pafupi ndi mahinjesi. Chikweze munthu mmodzi osavutika; chikalemera kwambiri, mwina masipuling'i atha kapena thabwa lamwa madzi. Dinikizaninso makoma kumunsi, pamene amakumana ndi pansi.

Matayala, mabuleki ndi magetsi

Ku Britain ngolo ya munthu wamba sipita ku MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka kumene lamulo limafuna pa magalimoto. Palibe amene waiyang'ana m'malo mwanu, ndiye funsani malisiti a sevisi. Mwini wosamala amapititsa ngolo kwa makaniko kamodzi pachaka ndipo amasunga mapepala.

Matayala a ngolo satha ndi kuyenda, amatha ndi kukhala. Mano ake amaoneka atsopano pamene labala wauma ndi dzuwa. Lamulo limafuna mano osachepera mamilimita 1.6, koma inu yang'anani ming'alu m'mbali ndi pakati pa mano, kenako werengani zaka. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 kapena 7 muliwerengere kuti ndi lofunika kusintha, pamodzi ndi lapadera lija. Akhalenso matayala opangidwira katundu wolemera, osati a galimoto yaing'ono amene wina anangoikapo chifukwa analipo.

Ngati mwini alola, kwezani mbali imodzi ndi jeke. Zunguzani tayala lililonse: liyende mosalala, mopanda kukukuta. Ligwireni pamwamba ndi pansi nkuligwedeza. Likasewera, mabering'i atha. Kokani buleki yamanja, matayala agwire. Ngolo yolemera kupitirira makilogalamu 750 imayenera kukhala ndi mabuleki akeake, amene amagwira ngoloyo ikakankha galimoto. Kankhirani mutu wa chokolera mkati: ulimbe, ndipo ubwerere pang'onopang'ono. Ukalowa mofewa, ngoloyo izidzagunda galimoto buleki iliyonse, ndipo mahatchi azidzagwedezeka. Kawaya kachitetezo, kamene kamakoka buleki ngolo ikaduka, kakhalepo ndipo kasakhale kothetheka.

Magetsi ndi osavuta. Lumikizani pulagi, mnzanu aime kumbuyo, yesani zonse. Pulagi ina ndi ya mano 7, ina 13. Zikasiyana ndi galimoto yanu, cholumikizira chake nchotchipa.

Onetsetsani kuti si yakuba

Ngolo za mahatchi zimabedwa kwambiri, makamaka za Ifor Williams chifukwa zimagulika msanga. Mukagula yakuba, apolisi adzaitenga ndipo ndalama zanu zapita. Kachitsulo ka nambala kakhalepo, kosakandika, kosaoneka ngati kangokhomedwa dzulo. Tengani nambalayo, imbirani wogulitsa wovomerezeka wa kampaniyo, ndipo ifufuzeni ku The Equipment Register, kumene kumalembedwa katundu wobedwa. Kaoneni ngoloyo pakhomo kapena pakhola la wogulitsa, osati pamalo oimika magalimoto m'mbali mwa msewu. Musatumize ndalama yachikole pa chinthu chimene mwangochiona pachithunzi. Mtengo ukatsika mopitirira muyezo poyerekeza ndi zinzake, pali chifukwa chake.

Tsopano mtengo

Khalani masabata angapo mukuyang'ana mitengo ya mtundu umodzi womwewo kuti mudziwe pakati pake. Nyengo yozizira, mipikisano itachepa, ogula amakhala ochepa ndipo kunenerera kumayenda bwino kusiyana ndi miyezi ya Epulo ndi Meyi pamene aliyense akufuna ngolo.

Zonse zimene mwapeza pofufuza zisandutseni ndalama. Imbirani makaniko wa ngolo, mufunse mtengo wa matayala asanu, wa mabuleki, wa pansi patsopano. Phatikizani pa mtengo wogulira, pamodzi ndi sevisi yoyamba, inshuwalansi, loko ya chokolera ndi ya tayala, komanso chokokera cha galimoto ngati mulibe. Nambala imene yatuluka ndiyo mtengo weniweni. Nthawi zambiri mupeza kuti HB505 yakale, yosuluka penti koma yokhala ndi pansi pa aluminiyamu ndi malisiti ake, imaposa ngolo yonyezimira yotchipa imene ikufuna zonse. Penti yosuluka, timabala ta kunja, zomata za mwini wakale, zimenezi zikuthandizeni kutsitsa mtengo, zisakubwezeni. Felemu yowola kapena yopindika ndiyo yosakambirana.

Dzifunseninso moona mtima kuti muziyenda kangati. Ngati ndi kanayi kapena kasanu pachaka, kuchita hayala ngolo tsiku limene mwaifuna kungakhale kotchipa kuposa kukhala nayo. Ndipo ngakhale mwatsimikiza kugula, chitani hayala mtundu umene mukuufunawo kwa tsiku limodzi, mukwezemo hatchi yanu, muone ndi maso mmene yaimira. Palibe tepi imene ingakuuzeni zimenezo. Kugula awiri ndi mnzanu wa pakhola limodzi kumathekanso, bola mulembe papepala za sevisi, inshuwalansi, ndi amene aitenge tsiku limene nonse mwaifuna.

Ulendo woyamba

Musanalipire, ikokeni yopanda kanthu. Iyende molunjika kumbuyo kwa galimoto, yosapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Mukaima, gwirani pakati pa tayala lililonse. Lotentha kuposa anzake likukuuzani kuti buleki ikugwira yokha kapena bering'i yatha. Mukagula, ipite kwa makaniko hatchi isanapondemo.

Patsani hatchi masiku oizolowera. Ikwere, idye udzu mkati, itsike, popanda kupita kulikonse. Ulendo woyamba ukhale waufupi. Hatchi ikakhala imodzi, iime mbali ya kumanja, kumbuyo kwa woyendetsa. Akakhala awiri, yolemera ndiyo itenge mbali imeneyo, chifukwa msewu umatsetserekera kumanzere ndipo kulemera kukakhala chapakati pa msewu ngolo imakhazikika. Ku Britain liwiro lololedwa mukukoka ndi mamailosi 60 pa ola m'misewu ikuluikulu ndi 50 m'misewu ina ya kunja kwa tauni, ndipo pa msewu waukulu wa motorway wa mizere itatu simuloledwa mzere wakumanja kwenikweni. Pakona ndi pa raundabauti yendani pang'onopang'ono kuposa mmene mukuganizira, ndipo musaonjezere moto mpaka ngolo itawongoka kumbuyo kwanu. Pasipoti ya hatchi, chikalata choizindikiritsa, iyende nayo, ndi lamulo.

Mukabwerako, chotsani ndowe tsiku lomwelo. Kamodzi pamwezi tulutsani mphasa, tsukani pansi, pasiyeni paume musanazibwezere. Ngolo ikakhala nthawi yaitali osayenda, iimikeni pamalo olimba osati paudzu, ikani zotchingira matayala m'malo mokoka buleki yamanja kuti mabuleki asamatirire, ndipo muziisuntha pang'ono masabata angapo alionse kuti matayala asaphwanyikire mbali imodzi.